Kakhadi ka a Quah ndi Mwezi wa Mizimu

Inu, sendezani mpando wanuwo kuno, khofiyo mubwere naye. Mukuwaona akuluakulu awiri akhala pakona apo, wina akulondera kapu ya mnzake? Wolonderayo ndi a Quah Eng Chuan, koma musawayang'anitsitse, amadziwa tikamawanena. Nkhani yawo muno mu George Town, tauni yathu ya pa Penang, aliyense amaikamba mwake, koma ine khomo langa ndi lawo n'zoyang'anizana, akayetsemula ndimamva, ndiye mverani yangayi.

A Quah anapuma ntchito ya ukalaliki kudoko, ndipo chipumireni ntchito yawo ndi imodzi basi, kutolera makalata a amalinyero amene anagwidwa ukaidi pankhondo. Osati makalata a asilikali wamba, ayi, amenewo amati ndi masewera a ana. Iwo amafuna a anthu a m'sitima zankhondo okhaokha, amene sitima yawo inamizidwa, iwo n'kuvuulidwa m'madzi, n'kukatsekeredwa kumsasa wa adani, n'kupatsidwa kakhadi kolembapo mawu owerengeka opita kwawo. Mukawafunsa chifukwa chake mwadziputira, msuzi wanu wa laksa uzizira muli chimvetserere. Ali ndi anzawo a matenda omwewo, amakumana Loweruka m'mawa patebulo lomwe lija, aliyense ndi kambaniro kake m'thumba la malaya, poti kwa iwowa kugwira khadi ndi zala ndi mlandu woposa kutukwana apongozi.

China chimene muyenera kudziwa n'chakuti a Quah ndi ouma manja. Sindikuwajeda, eni ake amanyadira. Fani amayatsa kukabwera alendo okha, ndipo mlendo akamavala nsapato pakhomo, fani yazima kale. Komiti ya mumsewu mwathu yosonkhetsa za mwezi wa mizimu, umene timadyetsa akufa ndi kuwaotchera mphatso zapepala, inali itasiya kalekale kugogoda kwawo, chifukwa ikagogoda ankayankha okha mkatimo kuti a Quah kulibe.

Tsono chaka china, mwezi wa mizimu uli pafupi kuyamba, anagula katoni ya mapepala akale kwa munthu wogwetsa nyumba, pamtengo wa mbale ya laksa, atanenerera mpaka wogulitsayo kutopa. Munali malisiti a mpunga, makalendala odyedwa ndi chiswe, ndipo pansi penipeni kakhadi kotuwa. Kanali ka mnyamata wa konkuno, Khaw Ah Lek, amene ankaphika m'sitima yankhondo ya Angelezi pankhondo yachiwiri ya dziko lonse. Sitimayo itamizidwa, Ajapani anamutengera kumsasa wa akaidi ku Sumatra, ndipo ali kumeneko analembera mayi ake kuno. Khadilo linawoloka nyanja n'kufika mumsewu wa mayiwo, koma nyumba inali itaphulitsidwa ndi bomba, mayiwo anafera momwemo. Wapositi anadinda kuti mwini sanapezeke, n'kulibweza. Litafika kumsasa, nako anadinda kuti mkaidiyo kulibenso. Ndiye linabwereranso kuno, n'kugona m'katoni zaka zoposa makumi asanu ndi atatu.

A Quah ataona zidindo zimenezo anakhala pansi m'mbali mwa msewu pomwepo. Makhadi a amalinyero achingelezi alipo ambiri, koma la mnyamata wa ku Penang, lokanidwa uku ndi uku, chidindo chofiira cha msilikali wowerenga makalata chikuoneka bwinobwino, panalibe amene analionapo. Ndipo kumapeto kwa mwezi kunali chionetsero cha kalabu yawo, kumene chikho chinkapita chaka ndi chaka kwa a Doraisamy, dokotala wa mano wopuma ntchito, awo a ndevu zoyerawo, chifukwa cha makhadi awo a amalinyero achijeremani a nkhondo yoyamba ya dziko lonse. A Quah chikho chimenecho ankachilota. N'chamalata, chogwirira chimodzi n'chomata ndi guluu, koma ankachilota ndithu.

Loweruka analitengera kukhofi, n'kuliyala patebulo atayamba apukuta ndi mkono wa malaya. A Doraisamy analiyang'ana ndi galasi nthawi yaitali, kenako anavomera ndi mawu apansipansi kuti n'labwino. Koma anachenjeza kuti chinyezi cha kuno chilidya mwezi usanathe ngati a Quah sagula kabati yamagetsi youmitsa mapepala, yonga imene iwo ali nayo.

"Kabati yodya magetsi usana ndi usiku?" anatero a Quah. "Adokotala, khadi ili lapirira Ajapani, lapirira nyanja, lapirira chiswe. Lingalephere kupirira nyumba yanga?"

"Nyumba yanu ndi imene ndikuiopayo, achimwene. Ajapani ankawapatsako akaidi mpunga."

Kunyumba, akazi awo a Bee Lian analiyang'ana ali chiimire, mpeni wa anyezi uli m'manja, n'kufunsa kuti mnyamatayo analemba zotani. A Quah anaseka. Anati mawu amawerenga ndi anthu osadziwa, wotolera weniweni amayang'ana kutsogolo kuli zidindo, kumbuyoko akaidi onse ankalemba zofanana, ndili bwino, ndikudya, moni kwa onse. Inu, tamverani, munthu anali ataunika chidindo chilichonse mpaka kudziwa pamene inki inachepa, koma kumbuyo anangosuzumirako kuona ngati kuli banga, osawerenga ngakhale mzere umodzi. Anafotokozanso monyada kuti ulemerero wonse wa khadilo uli poti silinafike kwa mwini wake.

"Ndiye kuti mayi ake akudikirabe," anatero a Bee Lian.

"Mayi ake anamwalira kalekale, mayi a Siew."

"Nanga omwalira salandira katundu? Malemu bambo anu timawatumizira malaya apepala chaka chilichonse. Chaka chatha ndinawaotchera foni yapepala, munasankha yotchipa ija. Mwakhalira kalata ya eni ake, bambo a Siew, inu mukuti n'chuma."

A Quah anati za mbiri yakale si aliyense angazimvetse, n'kulowa kuchipinda. A Bee Lian anapitiriza kudula anyezi, koma mpeniwo unkamveka mpaka kwathu.

Patapita masiku mvula inagwa, makoma anayamba kuchita thukuta, ndipo pangodya ya khadi panatuluka kadontho kofiirira. A Quah sanadye tsiku limenelo. Kabati sakanagula, poti a Doraisamy akanamva, ndiye anakumbukira kuti mwana wawo Siew atagwetsera foni m'madzi anaikwirira mumpunga ndipo inadzuka. Anakulunga khadi m'kapepala, anamasula thumba latsopano la mpunga limene linali kuseri kwa chitseko, analikwirira pakatikati, n'kusokanso kukamwa kwa thumbalo bwinobwino, osauza munthu.

Thumbalo sikuti linangopezeka kuseri kwa chitseko. A Bee Lian chaka chilichonse ankapereka mpunga kukomiti mobisa, amuna awo akapita kukhofi, ndipo m'mawa mwake njinga yamoto ya komiti inadzalitenga. A Quah pobwera anapeza pansi pali mzere wa fumbi chabe. Anathamanga atavala mapatapata osiyana mpaka kuchitenti chimene komiti inamanga kumapeto kwa msewu, kutsogolo kwa chifumu chopangidwa ndi mapepala chimene timati chimayang'anira mizimu, ndipo anapeza matumba a mpunga aunjikidwa kufika m'khosi, onse a sitolo imodzi, onse ofanana.

Wapampando wa komiti ndi Anti Gaik, ogulitsa nsomba kumsika, mayi amene akafuna kulankhula ndi wachibale wa tsidya la nyanja foni saifuna kwenikweni. Anawapeza a Quah atagwada, akukumbatira thumba lililonse ndi kulisisita.

"Ankolo Quah, mwasochera? Kuno n'kopereka, kolandira n'kumsika."

Zoona sakananena. Msewu wonse ukanadziwa kuti katswiri amasunga chuma chake mumpunga, ndipo a Doraisamy akanaseka mpaka mano oikirira kugwa. Ndiye ananena kuti abwera kudzathandiza kugawa mpunga m'timatumba topereka kwa osauka.

Anti Gaik anagwira pamtima, n'kuitana amayi onse kuti adzaone ndi maso awo. A Quah anagawa mpunga tsiku lonse ndi chitini cha mkaka, thumba ndi thumba, msana ukulira, osalola munthu wina kukhudza thumba losatsegula, zimene amayiwo anazitenga ngati kudzipereka. Khadi linatulukira m'thumba lomaliza, monga mmene zinthu zimachitira. Kadontho kanali kasanakule, koma ngodya imodzi inali itapindika, ndipo poti thumbalo linatsamira dengu la nsomba zouma, khadi lonse linkanunkha msika. Pobwerera kunyumba anthu ankawapatsa moni waulemu umene sanauzolowere, iwo n'kumayankha mokayikira, poganiza kuti wina afuna kubwereka kanthu.

Fungo lija linaitana nyerere. A Quah anaika khadi pakatebulo, miyendo ya katebuloko anaiviika m'timbale ta madzi monga timachitira ndi kabati ya zakudya, n'kukhala pampando kulondera. Nyerere zinagonja, koma kudenga kunali nalimata, ndipo nalimata mukumudziwa, sasankha pogwetsera. Zitosi zake zinatera pafupi zedi ndi chidindo chofiira chija, moti a Quah anamutukwana m'zilankhulo zonse za mu Penang. Anakankhira katebulo kukhoma, pansi pa shelefu ya guwa la makolo, malo okhawo m'nyumbamo okhala ndi denga lachiwiri. Kenako kunabwera mphemvu. Mankhwala opopera amagulidwa, koma timitengo ta lubani ta akazi awo tinali pomwepo, ndiye anayatsa titatu n'kutizika m'kapu ya mchenga pafupi ndi khadi kuti utsi uthamangitse tizilombo.

Tsono taganizani inu zimene a Bee Lian anaona pobwera kumsika. Amuna awo, amene pamaliro a bambo awo omwe anafunsa ngati lubani wotsala angabwezedwe kusitolo, akhala patsogolo pa guwa, lubani akufuka, mutu waweramira pa khadi la mnyamata wakufa, misozi ili chuchuchu. Misoziyo inali ya utsi, ndipo kuweramako ankaunika ndi galasi ngati kadontho kakula, koma a Bee Lian anabwerera chambuyo mwakachetechete n'kukalirira kukhitchini. Anakhala ndi mwamuna ameneyu moyo wonse akukhulupirira kuti penapake mkatimo muli mtima, ndipo tsiku limenelo anaona ngati auona. Madzulo anawaphikira nkhumba ya msuzi wakuda imene amaphika pachaka chatsopano pokha. A Quah anadya mbale ziwiri osafunsa kanthu, poti munthu wouma manja akaona nyama yochuluka amadya msanga asanakumbukire mtengo wake.

Chimene chinatsala kuwavutitsa ndi ngodya yopindika ija. Simbi ankaiopa, mabuku a m'nyumba onse anali achinyezi. A Doraisamy nawo tsiku ndi tsiku ankawafunsa mokoma kuti wodwala wagona bwanji, n'kuwonjezera kuti m'kabati mwawo malo alipo, salipiritsa. Ndiye tsiku lina maso a a Quah anagwera pamitolo ya ndalama zapepala zootchera akufa, imene a Bee Lian anaunjika pansi pa guwa. Inu, munthu anadziombera m'manja yekha. Pepala limenelo n'louma, limamwa chinyezi, limanunkhira lubani moti kachilombo sikayandikira, likaunjikana n'lolemera, ndipo mu Penang muno mulibe mbala imene ingabe ndalama za mizimu m'mwezi wa mizimu. Kabati ya a Doraisamy yomwe ija, koma yaulere. Analowetsa khadi mumtolo wapansi penipeni, poganiza kuti akazi awo amagula mopitirira muyeso chaka chilichonse, wapansiwo sungafikiridwe. Apa ndi pamene panagona vuto. Iwo tsiku lootcha ankakhala kukhofi chaka chilichonse kuthawa chopereka, ndiye sankadziwa kuti sipatsala ngakhale kapepala kamodzi.

Tsiku lootcha linali Lachisanu, chionetsero chili mawa lake. A Quah anathawira kukhofi monga mwa nthawi zonse, ndipo dzuwa litapendeka anaitana a Doraisamy kuti akaone mmene khadi lawongokera popanda magetsi, akagone akudziwa kuti chikho chapita. Njira yonse ankawalangiza adokotala za kusawononga ndalama. Atakhota kulowa mumsewu wathu anapeza anthu onse ali panja, ng'oma ndi zitsulo zikulira, chimulu cha mapepala chitaunjikidwa pamphambano, nyumba zapepala, magalimoto apepala, chifumu chija chili pakati. Anthu atawaona anapatuka kuwasiyira njira, ena akuomba m'manja. A Quah anacheuka kuti aone wolemekezeka amene akubwera kumbuyo kwawo.

Chimene chinachitika n'chakuti masana amayi anasonkhana kwa a Bee Lian kupinda ndalama zija, ndipo atafika pamtolo womaliza khadi linagwera pamiyendo pa Anti Gaik. Kwathu kuno chinthu chikaikidwa pakati pa ndalama za akufa, tanthauzo lake ndi limodzi, chiotchedwe chipite kwa akufa. A Bee Lian analongosola zonse, za mpunga, za lubani, za misozi, n'kumaliza kuti amuna awo ndi amanyazi, afuna kutumiza kalata kwa mwini wake mwakachetechete osatamandidwa. Anti Gaik anati zimenezo sizingachitike iwo ali moyo.

Ndiye khadi linali m'mbale yaikulu yofiira patebulo la nsembe, pakati pa bakha wootcha ndi zinanazi, lopanda chokutira chilichonse. Pambali pake panali kapepala kachikasu kolembedwa dzina la mayi a Ah Lek, ndi mpukutu wa ndalama zapepala zolipirira wamtengatenga wa kudziko la akufa. Ngodya ija inali itawongoka bwino kwambiri, zimenezo ndivomereze, koma inali ndi chidindo chatsopano, chala chachikulu cha Anti Gaik cha mafuta a bakha.

A Doraisamy anabuula. Muwamvetse, chikho ankachifuna, koma wotolera weniweni sangaonerere khadi lotere likupsa, ngakhale likhale la mdani. Ananong'oneza a Quah kuti iwo adzigwetsa ngati akomoka, anthu akatanganidwa nawo, a Quah alitole athawe. Anadzigwetsadi, mosamala, atayamba ayala mpango pansi. Koma mumsewu mwathu mwezi wa mizimu munthu kugwa si nkhani. Amayi awiri anawapaka pamphuno mafuta aja oyabwa m'maso, wina anawawaza madzi a maluwa, ndipo Anti Gaik sanasiye n'komwe kulankhula.

Ankanena kuti akhala akusonkhetsa mumsewu uno zaka zambiri, ndipo panali khomo limodzi limene ankalidutsa akulavula. Lero akupepesa pamaso pa onse. Ena apereka bakha, ena mpunga, koma Ankolo Quah apereka chinthu chimene akanagula nacho galimoto, kuti mayi wosauka alandire mawu a mwana wake. Anthu anang'ung'udza mosilira. A Quah moyo wawo wonse anali asanayamikiridwepo ndi gulu, ndiye anamva kukoma kwake ndi kuwawa kwake nthawi imodzi, ndipo zonse ziwiri zinaoneka pankhope.

Anayesa njira imodzi imene inatsala. Anati si bwino kutumizira munthu katundu osamufunsa, mwina mayiwo anasamuka, mwina anabadwanso kwina, bwanji afunse kaye. Anti Gaik anavomera kuti imeneyo ndi nzeru, n'kuwapatsa timatabwa tiwiri tofiira tija tofunsira mizimu. Mukudziwa mmene timagwera. Kamodzi chagada kena chafufumimba ndiye kuti inde, tonse chafufumimba ndiye kuti ayi, tonse chagada ndiye kuti mizimu ikuseka funso lanulo.

A Quah anafunsa ngati mayi a Ah Lek akulifunadi khadilo, n'kuponya. Inde. Anati dzanja linaterereka, n'kufunsa ngati akulifuna lero lomwe, osati Lolemba. Inde. A Doraisamy, ali chigonere pampango, anakoka mwendo wa thalauza la a Quah n'kunong'ona kenakake, ndipo a Quah anakwezanso timatabwa n'kufunsa mwaulemu wonse ngati mayiwo angalandire fotokope yabwino, yamitundu, papepala lolimba.

Timatabwa tinagwa tonse chagada, kamodzi kakugwedezeka. Msewu wonse unaseka pamodzi ndi mizimu, anthu akunena kuti sankadziwa kuti Ankolo Quah ndi anthabwala chonchi.

Amene sanaseke ndi a Bee Lian okha. Amuna awo amawadziwa, ndipo mawu oti fotokope anawauza zonse. Ndinaona nkhope yawo ikugwa, ndipo ndinawamvera chisoni kwambiri. Anayandikira, n'kulankhula motsitsa kuti Anti Gaik asamve, ngakhale ine ndinamva poti ndinali nditasendera dala.

"Bambo a Siew, ngati munangolisunga m'menemo, nenani. Ndiuza anthu kuti ndalakwitsa ndine, manyaziwo ndisenza. Koma mayiwa Chingelezi sankachidziwa. Awerengereni kaye m'chilankhulo chathu cha Chihokieni amve, kenako mulitenge muzipita nalo."

Imeneyo inali njira yotulukira, yotakata bwino, ndipo a Doraisamy pansi paja ankagwedeza mutu mwamphamvu kuti avomere. A Quah anatulutsa kambaniro, anatembenuza khadi, anavala magalasi, n'kuyamba kumasulira ndi mawu a kalaliki wowerenga katundu. Pamwamba panali mizere yodindiratu ija imene ankainena, ndili kumsasa wa akaidi, thanzi langa lili bwino, ndikugwira ntchito. Pansi pake panali mawu a pensulo, ang'onoang'ono, othinana kuti akwane.

"Amayi, ndili moyo. Kuno ndikuphikira anthu ambiri koma palibe chikukoma ngati chanu. Musapatse munthu mbale yanga yabuluu. Ndikubwera."

Mawu omalizawo anawawerenga kawiri, poti koyamba sanatuluke bwino. Ng'oma zinali zitaleka. Anti Gaik, amene sindinawaonepo ali chete chibadwire, anatenga mbale patebulo la nsembe, anaidzaza mpunga, n'kuiika pafupi ndi kapepala kachikasu kaja. Sinali yabuluu, anapepesa kwa mnyamatayo ndi mawu apansipansi.

A Quah anakweza khadi lili pakambaniro. Anayang'ana zidindo zake zija, chofiira, cha kuno, cha ku Sumatra, ndi chala cha bakha. Kenako anati wapositi wa kuno analephera, wa ku Sumatra analephera, koma iwo anagwira ntchito kudoko moyo wawo wonse osasocheretsa katundu wa munthu, ndipo sayambira lero. Anauza anthu kuti ayatse.

Moto utagwira, anayenda okha mpaka pafupi, mkono uli patsogolo, nsidze zikuwauka, n'kutsegula kambaniro pomwe malawi anali aakulu. Ndi zala sanaligwire mpaka mapeto. A Doraisamy anali atadzuka osakumbukira kuti anakomoka, atawagwira mnzawo pachigongono, ndipo onse awiri misozi inali chuchuchu. A Quah mpaka lero amati unali utsi. Ine ndinalipo, mphepo inkapita kwina.

Chikho mawa lake chinapita kwa a Doraisamy monga mwa nthawi zonse, ndipo anachilandira osamwetulira. A Quah anapachika pachionetsero tsamba limene anakonzeratu kuikapo khadi lija, mafotokozedwe onse ali bwinobwino, pakati pali malo opanda kanthu, pansi pake atalembapo ndi pensulo kuti linafika. Komiti chaka chilichonse tsopano imayambira pakhomo pawo, ndipo sangathenso kunena kuti kulibe, amatuluka akubuula n'kupereka bakha wamng'ono kwambiri amene msika ungapeze. A Bee Lian sanauze munthu kuti za fotokope zija sizinali nthabwala, koma nkhumba ya msuzi wakuda amaiphika mwezi wa mizimu uliwonse.

Chodabwitsa n'chakuti sabata yomweyo a Quah anakagula kabati yamagetsi, yaikulu kuposa ya a Doraisamy, ndipo imang'ung'udza usana ndi usiku shelefu yapamwamba ili yopanda kanthu. Loweruka anzawo atawafunsa, anayankha osaseka kuti amenewo ndi malo a yankho. Munthu waulemu akalandira kalata amayankha, ndipo yankho lochokera kumeneko lidzabwera ndi chidindo chimene palibe wotolera wina padziko lapansi ali nacho.

A Doraisamy anatakasa khofi wawo wa mkaka wotsekemera uja pang'onopang'ono, n'kunyambita supuni.

"Musavutike n'kudikira, achimwene. Ine ndine wamkulu kwa inu, shuga wanga wakwera, mtima ukudumphadumpha. Chidindo chimenecho ndikayamba kuchiona ndine, ndipo pomwe muzifika inu ndidzakhala nditatolera zonse."

A Quah anawayang'ana adokotala, n'kuyang'ana kapu. Anatambasula dzanja, anaikoka, anaitana mwini malo kuti abweretse khofi wakuda wopanda shuga, ndipo gwirani mpando wanuwo, analipira okha. Kuyambira tsiku limenelo amawaperekeza kuchipatala, amawakumbutsa mapiritsi, amawayendetsa m'mbali mwa nyanja m'mawa uliwonse, ndipo akangotsokomola amawafunditsa mpango. Ndi zimene mukuona pakona apozo. Taonani, adokotala akuyesa kutulutsa kapaketi ka shuga m'sokosi. Sapita nako patali, a Quah awaona kale.